Mazira a Apongozi ndi Kadontho Kofiira

Chaka chimene chitopa chinasesa nkhuku m'mudzi mwa mkazi wanga, ine ndinali mkamwini wosowa pomuika. Anthu sankandida ayi. Ankangolephera kudziwa kuti munthu ngati ine ntchito yake n'chiyani. Ntchito yanga yokonza makompyuta ku Lilongwe inali itatha, ndiye tinamanga katundu n'kukwera mapiri a ku Ntchisi, kwawo kwa mkazi wanga, ati tikapumeko pang'ono. Kupumako kunatenga zaka. Khasu ndinkaligwira ndithu, koma alamu anga, mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga, ankati ine ndikamalima pamafunika munthu wina kumbuyo wobwezeretsa munda mmene unalili. Ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa.

Chimene ndinkachidziwa ine ndi C, chinenero cholembera malangizo a makompyuta ndi timakina ting'onoting'ono. Ndinachiphunzira kukoleji ya zaumisiri, makamaka papepala, poti makompyuta anali ochepa ife tili chigulu. Pulogalamu ikalakwika tinkaitsatira ndi chala, mzere ndi mzere, mpaka maso kuchita chidima. Ndiye tsiku limene ndinaona dibaga koyamba ndinatsala pang'ono kuomba m'manja. Dibaga ndi chida chofufuzira zolakwika m'pulogalamu. Pasikirini pamakhala timawindo, kena koonetsa zimene walemba, kena koonetsa manambala amene makina asunga panthawiyo. Ukadina m'mphepete mwa mzere pamatuluka kadontho kofiira, ndipo pulogalamu ikafika pamenepo imaima nji, kudikira iwe. Kamuvi kachikasu kamaloza pamene yaimapo. Pali batani loiyendetsa phazi limodzi n'kuimanso, palinso lobiriwira loimasula kuti izipita. Ndinkakhulupirira kuti palibe cholakwika chimene chingabisale pamaso pa chida chimenechi.

Kumudziko ndinaganiza zopanga makina ofungatira mazira, kuti nanenso anthu azinditchula ndi kanthu. Ndinapempha filiji yakufa kwa bambo wina wachisilamu wa shopu pa Boma, ndipo anandipatsa mosangalala chifukwa inkamutsekera njira. M'kati ndinaikamo mababu a galimoto oti azitenthetsa, kachipangizo koyezera kutentha, ndi mbale ya madzi. Kunja ndinamata kabolodi kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamene ndinalowetsamo pulogalamu yanga ya C. Zonsezi zinkadya moto wa batire ya sola. Nzeru yake sinali yozama. Kukazizira, yatsa mababu. Kukatentha, zimitsa. Ndinkafuna kuwayesa opanda kanthu m'kati kwa mwezi wathunthu, ndisanauze munthu aliyense kuti bweretsani mazira.

Chitopa sichinandidikire. Chinabwera nthawi yotentha, anthu ali kalikiliki kuthirira nazale za fodya kumadimba, ndipo pasanapite nthawi m'mudzi munalibe tambala wolira. Apongozi anga anali ndi nkhuku za kameta, zija zopanda nthenga m'khosi, mbewu imene anaitenga kwa malemu mayi awo. Thadzi lomaliza linafera pamazira, litangoyamba kumene kufungatira.

Ine ndi apongozi sitinkalankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira mmodzi ankapatukira m'tchire, moni n'kumaponyerana chauko, nkhope zili kumbali. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Ndiye m'mawa umene thadzilo linafa anali mkazi wanga amene analowa m'nyumba ndi kadengu ka madeya, mazira atawakwirira m'menemo, pamwamba atafunditsa chitenje cha amayi ake.

"Amayi akuti paja muli ndi makina," anatero.

"Makinawo sanathe."

"Ndikawauze choncho?"

Ndinagwira dzira limodzi. Linali lofunda. Ndinamuuza kuti asakawauze chilichonse, ndipo ndinatsegula filiji n'kuwayala pa sefa.

Tsiku loyamba zonse zinayenda bwino. Laputopu inali yolumikizidwa ku kabolodi ndi chingwe, dibaga ili yotsegula, ine n'kumaona nambala ya kutentha ikukwera pang'ono, mababu n'kuzima, ikutsika pang'ono, mababu n'kuyaka. Kaswichi koyatsira mababu kankalira kuti tcha, tcha, panthawi yake. Nditakhutira ndinazula chingwe, ndinatseka laputopu, n'kupita kukathandiza kutunga madzi kunazale. Pobwerera ndinapeza m'filiji muli zii, mababu ali ozima, mazira atayamba kuzizira. Ndinalumikiza laputopu msangamsanga kuti ndione chalakwika, ndipo pomwepo mababu anayaka, zonse n'kuyamba kuyenda ngati palibe chachitika.

Ndinayesanso. Chingwe chikakhalapo, makina ankagwira ntchito mopanda banga. Ndikachizula, ankayenda kanthawi kenako n'kusokonekera, mababu n'kumangophethira kapena kuzimiratu. Ndikabwezera chingwe kuti ndigwire wolakwayo, wolakwayo palibe. Ndinaika timadontho tofiira pena paliponse, pulogalamu inachita kuoneka ngati yadwala chikuku. Ndinaiyendetsa phazi ndi phazi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Manambala onse m'kawindo kaja anali olondola, aulemu, oyang'ana pansi. Chida chimene ndinkachitama chinkandionetsa pulogalamu yangwiro, pamene ine ndinali nditaona ndi maso anga mazira akuzizira. Ndinakwiya nayo dibaga, ndinakwiya ndi C, ndinakwiya ngakhale ndi nkhuku yakufayo.

Ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, pamene netiweki imagwira, kukafufuza pafoni ngati alipo wina amene zinamuchitikirapo. Anthu a kutali ankati mwina pali nambala imene sindinaipatse poyambira, mwina pulogalamu ikulemba pamalo posayenera, mwina dibaga ikuichedwetsa ndiye cholakwikacho chikubisala m'kuchedwako. Zonse zinali zomveka. Ndinkatsika pachulu ndi mayankho ambiri kuposa mafunso, ndikakonza zonsezo, n'kuzula chingwe, mababu n'kuzimanso.

Chifukwa chenicheni ndinachidziwa patapita miyezi, nkhani yonseyi itatha, ndipo sichinali m'pulogalamu n'komwe. Mababu akamayaka ankakoka moto wambiri mwadzidzidzi, kabolodi n'kukomoka. Laputopu ikalumikizidwa, chingwe chake chinkapatsa kabolodi moto wokhazikika, matenda n'kutha. Ndiye kuti nthawi iliyonse imene ndinkabwera kudzafufuza, ndinkabwera ndi mankhwala m'manja osadziwa. Koma panthawiyo zimenezi sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti makina anga amagwira ntchito akamayang'aniridwa, ndipo ndinayamba kuganiza zinthu zimene munthu wopita kukoleji sayenera kuganiza.

Ndiye ndinangoisiya laputopu ili yolumikizidwa usana ndi usiku, ine n'kukhala pambali pake. Mazira ndinkawatembenuza ndi dzanja, madzi m'mbale n'kumaonjezera. Kunazale sindinapitenso. Alamu ankadutsa madzulo atanyamula makheni othirira, n'kuima pawindo.

"Alamu, kodi mufungatira mpaka liti? Tikubweretsereni madeya pomwepo?"

"Pitani, alamu, muli ndi matope m'makutu."

"Ayi, ife tikungofuna tidziwe. Akaswa aziti amayi kwa ndani, kwa inu kapena kwa filijiyo?"

Nkhani inafala mudzi wonse kuti mkamwini wa pakhomo paja wasanduka thadzi. Amayi opita kumjigo ankachepetsa liwiro akafika pakhomo pathu. Koma ndinkaunika mazira ndi tochi ya foni m'chipinda cha mdima, ndipo m'kati munkaoneka timitsempha tofiira, kenako kanthu kakuda kogwedezeka. Ndinamuitana mkazi wanga kuti adzaone. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatuluka n'kulunjika kunyumba kwa amayi ake. Tsiku limenelo ndinasangalala kwambiri moti ndinaiwala kudya.

Mavuto anabwera ndi mitambo. Sabata yachitatu kumwamba kunatseka, nkhungu n'kumakhala m'mapiri mpaka masana, dzuwa osaoneka. Batire ya sola inayamba kufooka, ndipo laputopu inkadya moto womwewo umene mababu ankaufuna. Ndinaona kuti ndikapanda kupeza cholakwikacho n'kuichotsa laputopu, zonse zidzazima pamodzi anapiye atatsala pang'ono kuswa. Ndiye m'mawa wina ndinakhalanso pansi, n'kuchotsa timadontho tonse, kusiya kamodzi kokha pamzere wozimitsa mababu. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti pulogalamu ikaima, mababu amatsala mmene analili, oyaka akhala oyaka, ozima akhala ozima, poti wowalamula wagona. N'chifukwa chake ndinkaiimitsa kanthawi kochepa, kusuzumira manambala, n'kuimasula.

Pulogalamu inafika pakadontho, inaima, kamuvi kanaloza. Chala changa chinali pabatani loyendetsa phazi limodzi pamene mkazi wanga analowa akupuma mofulumira.

"Amayi abwera. Ali panja. Akufuna inu."

"Akufuna ine? Akuuze iwe, undiuza."

"Akufuna inuyo. Tulukani msanga, aima."

Chikhalireni m'mudzimo apongozi anali asanabwerepo pakhomo panga kudzafuna ine. Ndinadzambatuka, ndinafunafuna malaya abwino, ndinavala mabatani osemphana, n'kutuluka. Mkazi wanga anali atawayalira mkeka pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinakhala pansi chapatali, m'mphepete mwa khonde, n'kuyang'ana kumbali. Tinapatsana moni wautali. Anafunsa za kwathu, za mayi anga, za mwendo wa bambo anga umene unkavuta chaka chapitacho. Ndinkayankha ndikuomba m'manja pang'onopang'ono. Ndipo pakati pa moniyo m'pamene ndinakumbukira kuti batani lobiriwira sindinadine.

Thukuta linatuluka nkhungu ili tolo. Kamuvi kakaloza mzere ndiye kuti mzerewo sunachitike. Ngati ndinali nditadina phazi limodzi lija, mababu anali atazima, ndipo mazira akanangozizira pang'onopang'ono, zimene akanapirira. Ngati sindinadine, mababu anali oyaka m'filiji yotseka, popanda wowazimitsa. Ndinadina kapena sindinadine? Chala changa chinkakumbukira kugunda batani. Koma chinali chitagunda batani limenelo kambirimbiri masiku amenewo, ndiye kukumbukira kwake kunalibe ntchito. Ndinayesa kukumbukira ngati ndinamva kaswichi kakulira kuti tcha. Ndinkakamva m'mutu, kenako osakamva.

Apongozi anayamba nkhani yawo chapatali, monga amachitira akuluakulu. Anakamba za malemu amuna awo, mmene anabwerera m'mudzimo ali mkamwini wosadziwa ngakhale kusoka fodya, anthu n'kumawaseka. Anakamba za dimba la kumunsi kwa phiri, limene linakhala losalimidwa chimwalirireni bambowo. Ankalankhula akuyang'ana mwana wawo, koma mawu anali anga.

"Ine ndakhala ndikuona," anatero. "Munthu wokhalira mazira a nkhuku ya eni ake chonchi, osatopa, anthu akumuseka, ameneyo akhoza kusunga malo. Ndiye bambo, dimba lija ndati likhale lanu. Muzilima zimene mukufuna."

Mawu amenewa ndinali nditawadikira zaka, ngakhale sindinkadziwa kuti ndikuwadikira. Misozi inalengeza. Ndipo nthawi yomweyo theka la mutu wanga linali m'filiji, likuwerenga kutentha. Ndinathokoza, ndinathokozanso, kenako ndinasuntha pang'ono n'kunena chapansipansi kuti ndilowe kaye m'nyumba. Mkazi wanga anandiponyera diso limene sindinalionepo chikwatiraneni. Munthu wamkulu wabwera yekha, waswa mwambo wake kudzakupatsa malo, iwe n'kumusiya pamkeka mawu ali m'kamwa kuti ukaone kompyuta? Ndinakhazikikanso. Ndinadziuza kuti ndinadina ndithu.

"Tiyeni mukaone malire, mvula isanagwe," anatero apongozi, akudzuka.

Tinatsika phiri, iwo patsogolo, mkazi wanga pakati, ine kumbuyo. Tili pakati pa njira m'pamene nzeru inandifikira yoti ndikanangomunong'oneza mkazi wanga kuti akazule waya wa batire. Sizikanafuna kudziwa dibaga, sizikanafuna kudziwa ngati ndinadina. Koma nzeruyo inabwera nyumba itabisika kale kuseri kwa mitengo, ndipo mkazi wanga anali mboni ya malire, sakanabwerera. Apongozi anandionetsa chitsa cha mkuyu, mwala wosongoka, ngalande yakale, nthochi zimene zinali za dimba loyandikana nalo ngakhale zinkaweramira kwathu. Pamalo aliwonse panali nkhani yake, ndipo nkhani iliyonse inali ndi anthu ake oyenera kutchulidwa mmodzimmodzi. Ndinkavomera kuti inde amayi, ndamva amayi. Mpaka lero malire a dimba limenelo amandisokoneza, chifukwa tsiku limene ankandionetsa sindinamve kanthu.

Titabwerera dzuwa linali litasuntha ndithu kuseri kwa mitambo. Ndinawaperekeza apongozi ndi maso mpaka analowa kwawo, kenako ndinathamangira m'nyumba. Kamuvi kachikasu kanali pomwe paja, pamzere wozimitsa mababu, kakudikira moleza mtima. M'kawindo nambala ya kutentha inali yabwinobwino, poti inali nambala ya nthawi imene pulogalamu inaima. Kwa kamphindi ndinaikhulupirira. Nditatsegula filiji, mpweya wotentha unandimenya kumaso, ndipo sefa inandiotcha chala.

Ndinasiya chitseko chotsegula, ndinawaza mazira timadzi, ndinadina batani lobiriwira. Pulogalamu inazimitsa mababu nthawi yomweyo, monga ndinailembera. Ndinaunika dzira limodzi ndi tochi, koma pamsinkhu umenewo m'kati mumakhala mdima wokhawokha, mwanapiye atadzaza chigoba, ndiye sindinathe kudziwa ngati muli moyo. Ndinaliika kukhutu. Ndinkamva kugunda, koma mwina unali mtima wanga womwe. Mkazi wanga anaima pakhomo n'kufunsa ngati zonse zili bwino, ndipo ndinamuuza zoona, kuti sindikudziwa.

Tsiku loswa linafika n'kudutsa. Ndinadikira lina, ndi linanso, khutu lili pachitseko cha filiji. Alamu anasiya kuima pawindo, ndipo kusiya kwawoko kunandipweteka kuposa chipongwe chawo. Ndinkadzitonthoza kuti mwina anafa kale tsiku loyamba lija atazizira, mwina chitopa chinalowa m'mazira momwemo, mwina mitambo. Ndinali ndi zifukwa zambiri zoti ndisankhepo. Kenako fungo linayamba, ndipo mkazi wanga anabwera ndi uthenga woti amayi akuti mazirawo abwerere, akataye okha.

Sindinafune kuona, komabe ndinapezeka nditaima kuseri kwa nkhokwe, pamene dzala la apongozi limaonekera. Anali okha. Ananjuta pansi, n'kumatenga dzira limodzilimodzi, kuliswa ndi kamtengo, kuyang'ana m'kati, n'kuliika m'dzenje. Pamene ndinaimapo ndinkaona bwinobwino. Munali anapiye athunthu, a nthenga zonyowa, milomo ndi zikhadabo zili zokwanira, timakosi tawo tili topanda nthenga ngati mayi wawo. Sanafe ndi kuzizira kwa tsiku loyamba. Anafa atatsala pang'ono kutuluka, onse pamsinkhu umodzi, ndipo munthu amene wasunga nkhuku moyo wake wonse sakanalephera kuona zimenezo. Apongozi anakhala chinjutire kanthawi, dzira lomaliza lili m'manja. Kenako anakwirira dzenjelo ndi phazi, napita kukasamba m'manja.

Ndinabwerera m'nyumba n'kukhala pafupi ndi filiji yopanda kanthu, kudikira mawu. Ndinkayembekezera kuti dimba libwezedwa, mwaulemu, kudzera mwa mkazi wanga, ndipo ndinali nditakonza kale yankho lovomera. Chakumadzulo mkazi wanga anabwera kuchokera kwa amayi ake, n'kukhala pampando osandiyang'ana.

"Amayi akuti musadandaule," anatero. "Akuti aswa onse, ndipo onse anali osukusa, munalibe kanthu. Akuti tambala uja anali wokalamba. Akutinso mvula yayandikira, ndiye mawa mulawirire kudimba kwanu mukatsegule ngalande, madzi angakokolole nthaka."

Ndinamuyang'ana kuti ndione ngati akudziwa, koma iye ankangokonza mpango wake. Anali ataona yekha timitsempha tija pa tochi, ndiye bodzalo ankalidziwa monga ndinkalidziwira ine, ndipo analinyamula bwinobwino kuchokera kwa amayi ake mpaka kudzalitula pamaso panga. Ndinafuna kunena kuti ndinali kuseri kwa nkhokwe, kuti ndinaona nthenga. Koma mawu amenewo akanayenera kubwerera njira yomweyo, kukafika kwa munthu amene anasankha kale zoti ndimve. Ndinamuuza kuti akawathokoze, ndipo ndinamufunsa kumene alamu amasunga khasu lalikulu.